Ndinabwereka Dzanja la Mkazi Wanga

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo a kuno ku Tsangano. Ndine Ngozo, uja analemba buku. Ndaima pano lero chifukwa cha buku lomwelo.

Kulemba nkhani zopeka ndinayambira ku Joni, ku migodi, m'kope, Lamulungu tikatuluka m'mapemphero. Nditabwerera kumudzi ndinamva za mpikisano wa nkhani za Chinyanja. Ndinatumiza yanga, ndipo anaisindikiza. Inali ya mkazi amene mwamuna wake anachona, iye n'kutopa ndi kudikira, n'kutenga pathupi pa mwamuna wina.

Mkazi ameneyo kunalibe, abale. Ndinamuumba ndekha. Koma ndinkafuna aoneke wamoyo, ndiye ndinayang'ana pakhomo panga pomwe. Mkazi wanga Nanzunga anali wamanzere. Polima kachewere ankagwira khasu mosiyana ndi anzake onse. Ndinatenga dzanja lakelo n'kumupatsa mkazi wa m'buku. Sindinamufunse n'komwe.

Bukulo litafika m'masukulu, odziwa kuwerenga ankawerengera osadziwa. M'mudzi mwathu wamanzere anali mmodzi, ndipo mwamuna wake anakhalitsa ku Joni. Anthu anangophatikiza.

Akulu a mpingo anatiitana. Ndinawauza kuti nkhaniyo ndi yongopeka. Mkulu wina anandiyang'ana nati, "ANgozo, Mkhristu salemba bodza. Tiuzeni chimodzi. Inu ndinu wabodza, kapena mayiwa ndi achigololo?"

Ndinakhala chete. Abale, ndinakhala chete! Ine sindifulumira kuyankhula, ndipo ndinkayesa kuti umenewo ndi ukoma. Mumtima ndinati m'kupita kwa masiku adzamvetsa okha. Tsiku lomwelo anamuimitsa Nanzunga pa Mgonero.

Sanandikalipire. Tili m'njira anangoti, "Mukanangovomera kuti ndinu wabodza, aNgozo. Inu akanakukhululukirani."

Kuyambira pamenepo anayamba kulima ndi dzanja lamanja. Mizere inkapotoka, koma sanabwererenso ku lamanzere. Zaka ziwiri. Kenaka chifuwa chinamugwira m'nyengo yozizira, n'kumwalira asanabwezeredwe. Mukudziwa mwambo wake wa munthu womwalira ali woimitsidwa. Panalibe nyimbo, panalibe ulaliki. Tinamunyamula chete mpaka kumanda.

Ndinaleka kulemba. M'nyumba ya Mulungu muno ndinkalowa ndithu, koma pemphero linkandikanika. Ndinkangoti, Ambuye, ndamupha ndi cholembera.

Chaka chatha ndinapita kukagulitsa kachewere ku Manjawira. Mayi wina, amene sindinamuonepo, atamva dzina langa anandikokera pambali. Anafunsa kuti anandiuza za iye ndani. Anati wa m'buku uja ndi iyeyo, ndipo mwanayo alipo. Anati atamva nkhaniyo ikuwerengedwa analimba mtima, n'kukaulula kwa apongozi ake. Sanali wamanzere.

Pamenepo maso anga anatseguka. Nkhani yopeka si bodza, komanso si mlandu wa munthu mmodzi. Ambuye wathu ananena fanizo la mwana wolowerera, ndipo palibe ananyamuka kukafufuza mudzi wa mwanayo. Mawu amenewa ndi amene ndinayenera kunena tsiku lija. Ndawapeza patapita zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndinapita nawo kwa akulu. Anandimvetsera, ndipo mwezi wathawu dzina la Nanzunga labwezeredwa mu mpingo. Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokozanso akuluwa, pakuti kubweza mawu si chinthu chapafupi.

Tsopano ndimakhala ndekha. Ndimalima, ndimapemphera, ndipo ndayambanso kulemba pang'onopang'ono, koma sindibwerekanso dzanja kapena nkhope ya munthu wamoyo. Sindikunamizani kuti ndili ndi chimwemwe. Ndilibe. Mwini dzinalo sanamve kuti layera.

Pempho langa ndi limodzi, abale ndi alongo. Manda sali patali. Tikatuluka muno, amene angathe tipitire limodzi, tikamuimbire nyimbo imodzi yokha. Ine mawu sangatuluke. Wina adzatiyambitsire.

Amen.