Chitsime chimene anakumba bambo a Estere

Abusa athu, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga pa Sabata lino. Mtendere ukhale nanu nonse.

Ndaimirira pano kuti ndichitire umboni. Mawu akamanjenjemera mundipirire, chifukwa umboni wangawu uli ndi misozi mkati mwake. Sindinabwere ndi nthungululu zokhazokha ayi.

Ambiri mumanditchula make Estere, ngakhale Estereyo kulibe. Ine ndi amuna anga tinawoloka Ruo kuchokera kwa Apwitikizi tili ndi khasu, mtsuko, ndi mwanayo kumsana. Tinalembedwa ntchito pa esiteti ya tiyi, iwo kulima ndi kudulira, ine kuthyola. Anatipatsa kanyumba m'malayini a kumunsi, mokhala antchito, ndipo tinathokoza, chifukwa kumene tinachokera kunali kukwapulidwa.

Vuto la m'malayinimo linali madzi. Amayi amene munakhalako kumeneko mukuidziwa njira ya ku kasupe, kutsetsereka m'chigwembe muja, dothi lofiira loterera ngati therere. Uchoke kothyola tiyi msana ukuwawa, utule dengu, unyamule mtsuko, utsike, ukwere. Tsiku lina, ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri, ndinaterereka pokwera. Mtsuko phwaa! Ine chagada. Anachita kundinyamula anthu. Mulungu anasunga mimbayo, mwana anabadwa bwinobwino, ndiye Yohane wangayu. Koma amuna anga zinawakhudza. Anati, “Make Estere, kuchigwembe kuja simudzapitanso. Ndikukumbirani chitsime pompano.”

Abale, anakumba. Akaweruka, anzawo kukapuma, iwo kutenga khasu kupita kuseri kwa malayini, pamalo potsika pamene pankamera udzu wobiriwira ngakhale m'chilimwe. Anakumba mpaka manja matuza okhaokha. Estere ankawaperekera chikho kuti azikapira matope, akuimba tinyimbo take. Anali mwana woimba ameneyo, amayi ena muno mukumukumbukira, ankaimirira apa kutsogoloku osadziwa n'komwe mawu a nyimbo, koma kukweza kuposa aliyense.

Madzi atatuluka, kunali chisangalalo malayini onse. Oyera, ozizira. Amayi ankati, “Bambo a Estere, mwatipumitsa, Mulungu akudalitseni.” Ine ndinkayenda monyada. Ndinkati mwamuna ndiye ndinapeza. Ndipo chilimwe chonsecho tinamwa, palibe anadwala.

Ndiye kunayandikira dzinja, nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri. Esiteti inalemba anthu ambirimbiri, ena ochokera kwathu konkuja. Anawamangira tinyumba kumtunda kwa ife, mothithikana, khomo kuyang'ana khomo ngati ku Limbe. Akapitawo analamula kuti akumbe maenje a zimbudzi kuseri kwa tinyumbato. Maenje osazama, okumba mothamanga. Ndipo kuseri kwa tinyumbato, abale, kunali kumtunda kwa chitsime chathu. Tinkaona ndi maso athuwa. Tinkadutsa pomwepo m'mawa uliwonse titanyamula madengu. Palibe mmodzi anaganizapo kanthu. Palibe mmodzi.

Mvula inagwa, inagwa, maenje aja anasefukira. Madzi a m'chitsime ankachita mbuu pang'ono, ife n'kumati ndi dothi chabe, akakhala mumtsuko adikha. Ndipo ankadikhadi, n'kuyera mbee. Fungo panalibe.

Ana anayamba kutsegula m'mimba. Woyamba anali Luka, mwana wa mnansi wanga wa khomo loyandikana. Kenaka nyumba iyi, kenaka iyo. Kutsegula kwake kwa magazi, kamwazi. Anthu analankhula zambiri. Ena amati obwera kumene aja abwera ndi mankhwala oipa, ena amati ndi mphepo ya chaka chino. Luka tinakamuika. Tisanapukute misozi, Estere nayenso anadwala.

Amayi anzanga, inu mukudziwa mwana wotsegula m'mimba mmene amamvera ludzu. Milomo gwaa, maso kulowa. Ankangoti, “Amayi, madzi.” Ine kuthamanga ku mtsuko. “Amayi, madzi.” Ine kutunga ena atsopano kuchitsime, ndikumati ozizira ndiwo amuthandize. Bambo ake kumutukula mutu, ine kumumwetsa. Tinkamumwetsa ndi chikondi chonse. Tikanadziwa! Ha, tikanadziwa, abale.

Ife Alomwe timadziwa kuphika kalongonda, nyemba yathu ija. Timadziwa kuti ukamufulumizira amaledzeretsa, amapha. Timamuwiritsa tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuthira ena, kusonkhezera moto osatopa. Nzeru imeneyo tinabadwa nayo. Koma kuti madzi akumwa nawonso amafuna moto, palibe anatiuzapo, ndipo ife sitinaganizepo. Nkhuni zinalipo. Mphika unalipo, uli pomwepo pambali pa mphasa imene mwana wanga anagonapo.

Estere anatisiya dzuwa likupendeka, mvula ikuwaza. Abusa, munabwera kudzaika maliro aja, mukukumbukira mmene bokosi linachepera.

Sipanapite nthawi, Yohane nayenso anayamba. Apo amuna anga anati, “Uyu yekha ayi.” Anapita kwa akapitawo kukapempha kuti tipite naye kuchipatala cha mishoni. Akapitawo anati tiyi sadikira munthu, mukachoka musadzadandaule. Iwo anangotembenuka, kubwera kunyumba, kundiuza kuti, “Berekani mwana, tiyeni.” Tinayenda wapansi, kulandizana mwanayo, iye ali lende ngati nsanza.

Kuchipatalako anatilandira anamwino ena achikulire, munthu wakuda ngati ife tomwe, wolankhula mofatsa. Atamugoneka mwana n'kumupatsa mankhwala, anatifunsa kuti, “Madzi mumatunga kuti?”

Amuna anga anayankha msangamsanga, “Pachitsime chabwino, mayi. Ndinakumba ndekha.”

“Nanga kumtunda kwa chitsimecho kuli chiyani?”

Anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Anati, “Kuli nyumba za anthu atsopano, ndi…” Mawu anathera pomwepo. Ndinawayang'ana. Nkhope inasintha ine ndikuona. Anamwino aja sanakalipe ayi. Anatifotokozera kuti zoipa za m'chimbudzi zimayenda ndi madzi a mvula, pamwamba ndi pansi pa nthaka pomwe, n'kukalowa m'chitsime, ndipo diso silingazione. Anati ngakhale m'tauni anthu akutha ndi matenda omwewa pamene zitsime zayandikana ndi zimbudzi. Anati, “Madzi akumwa muziwiritsa mpaka abwadamuke, muzivundikira mtsuko, chikho chotungira chisamagwere pansi.” Ine ndinkamva. Amuna anga anali atatuluka kale, atakhala pansi pa mtengo, mutu uli m'manja.

Yohane anachira. Pang'onopang'ono, madzi owiritsa, kaphala kamadzimadzi, mpaka tsiku lina anandikoka nsalu n'kuloza nthochi ya munthu wina. Ndinalira, abale. Nenani Amen, chifukwa pamenepo Mulungu anatichitira chifundo.

Koma ndinabwerera kunyumba ndi mwana wamoyo ndi mwamuna wakufa mtima. Tsiku lomwe tinafika, anatenga khasu lomwe lija n'kuyamba kukwirira chitsime. Miyala, dothi, zitsa. Amayi ena anabwera kudzakalipa, “Mukutibwezera kuchigwembe? Mwapenga kodi?” Ine ndinkawafotokozera zimene tinamva kuchipatala, ena kumva, ena kung'ung'udza. Amuna anga kumangokwirira. Atamaliza anandiuza mawu amodzi okha: “Make Estere, ine ndinkati ndikukumba chitsime, osadziwa kuti ndikukumba manda a mwana wanga.”

Kuyambira pamenepo anasiya kupemphera. Anasiya kubwera kuno. Chakudya ankangotsina. Akaona make Luka, mnansi wathu uja, ankakhota njira, kulowa m'mizere ya tiyi ngakhale muli mame, kuti asakumane naye maso. Ndinkawauza kuti simunadziwe, zimbudzi simunakumbe ndinu. Ankangoti, “Khasu linali langa.” Dzinja linatha, chilimwe chinadutsa, ali choncho. Ndinkapemphera ndekha. Ndinkati, Ambuye, mwatenga mwana, musanditengerenso bambo ake akuyenda.

Yankho silinadzere kwa ine. Linadzera kwa make Luka, mayi amene anali ndi chifukwa chonse chotida. Tsiku lina madzulo anafika pakhomo pathu atasenza mtolo wa nkhuni, ndipo mukudziwa mmene nkhuni zimavutira kuno, alonda salola kutola m'bulugama. Anatula, kugwada, nati, “Izi n'zowiritsira madzi a Yohane.” Amuna anga anadzuka kuti azembe. Iye anati, “Bambo a Estere, khalani pansi, ndabwerera inu. Mwandithawa nthawi yaitali. Luka wanga anapita, Estere wanu anapita. Chitsime chija tinkamwa tonse, tinkavina tonse tsiku limene madzi anatuluka. Inu munakumba kuti misana yathu ipume. Ndiye mukufuna tilirenso maliro ena, a inu? Ife amayi tikuterereka kuchigwembe kuja tsiku ndi tsiku. Manja muli nawo. Katikonzereni njira.”

Amuna anga anakhala pansi. Ndipo misozi imene sanakhetse pamaliro inatuluka tsiku limenelo, pamaso pa mayi woyandikana naye nyumba, osachita manyazi.

M'mawa mwake ataweruka anatenga khasu. Anasema masitepe m'chigwembe monse muja, kukhoma zikhomo, kuyala miyala kuzungulira kasupe kuti madzi a mvula asamalowemo. Abambo ena anawathandiza. Tsopano timatsika osagwa, ndipo m'nyumba zambiri m'malayini mphika wa madzi umakhala pamoto. Si onse ayi, ena amati madzi owiritsa sakoma. Ine ndimangowauza kuti ndinali ndi mwana wamkazi.

Sindinama pamaso pa Mulungu, mtima wanga sunapole. Ndikaona atsikana amsinkhu wake atabereka ang'ono awo, ndimatembenukira kumbali. Nzeru imeneyi inatipeza mochedwa, ndipo mtengo wake unali waukulu. Amayi, musadikire kuti muiphunzire mmene ndinaiphunzirira ine. Kayang'aneni chimene chili kumtunda kwa madzi amene mukumwetsa ana anu.

Koma lero m'mawa, ndikumuveka Yohane, ndinaona bambo ake akutsuka kumaso, akuvala malaya awo a Sabata amene anakhala m'bokosi nthawi yonseyi. Sindinafunse kanthu, ndinaopa kuwononga. Anangonyamula mwana paphewa n'kutsogola. Ali kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko. Musawacheukire nonse, ndi amanyazi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisiyira Yohane. Ndikuthokoza Mulungu amene anandibwezera mwamuna wanga. Make Luka, muli apo, Ambuye akukumbukireni. Ndipo Estere wanga ndidzamuona m'mawa wa kuuka kwa akufa.

Ine ndekha mphamvu zokondwera zikundichepera, abale. Ndithandizeni. Kondwerani nane, imbani mokweza, kuti bambo a Estere amve kuti afika kwawo. Amen.