Nkhuni za pamaliro a naJere

Malemu Mayi Tryness Jere, amene ambiri tinkawaitana kuti naJere, anabadwa pa 14 Malichi 1974 ku Tamanda, komwe bambo athu ankaphunzitsa. Ine ndikuwerengane ndine Fackson Jere, mlongo wawo wowapondera pamutu. Abusa ndi anamalira nonse mundikhululukire ngati mawu anga apsa, chifukwa mtima wanga suli m'malo.

Sukulu anayambira ku Tamanda komweko mu 1981, sekondale anaphunzira ku Chipata, ndipo mu 1996 anamaliza maphunziro a zankhalango ku Kitwe. Mu 1998 anamanga banja kutchalitchi ndi Bambo Israel Zimba a m'mudzi muno, kuno ku Chipangali, ndipo ntchito yawo yaulangizi anaigwirira kunoko mpaka mapeto.

Mu 2019 anasankhidwa kukachita maphunziro a utsogoleri ku Lusaka, pamodzi ndi mainjiniya, anthu a m'mabanki ndi alangizi anzawo. Ankaphunzira za mmene dziko lingatukukire popanda kutha mitengo ndi kudzaza mlengalenga ndi utsi. Atabwerako, ife tinkawaseka kuti angopita kukadya nkhuku za kuhotela. Iwo anatiyankha kuti chachikulu chimene anatolako n'chimodzi: mtsogoleri ndi uja amayankhula pamene anzake onse achita manyazi. Amene munakanganapo nawo mukudziwa kuti phunzirolo analikhoza mopitirira muyeso.

Mu 2021 anayamba kuphunzitsa ena zomwezo. Anasonkhanitsa aphunzitsi, alangizi, makalaliki ndi akulu a mpingo, kuti ntchito isadzafe iwo akadzachoka. Onsewa analandira masatifiketi ndi masikipa obiriwira, ndipo ena ndikukuonani mwavala lero, akukukhalani bwino ndithu. Gululi linaphunzira kuumba makala kuchokera ku makoko a nshawa, kapena kuti mtedza, ndipo mu 2022 linathandiza mudzi uno kupangana kuti nkhwangwa isalowenso paphiri lili kuseri kwathuku. Phirilo linali mbee ndi ootcha makala. Malemu ankakwerako okha kukasadzira zitsa mpaka misuku ndi miombo inaphukanso. Mitengo ikuluikulu yomwe inapulumuka kale ija ankaitcha makolo, popeza ndiyo imagwetsa mbewu.

Mu Okutobala 2024 anayamba kudwala impso. Anagonekedwa kangapo m'chipatala ku Chipata, ndipo anatisiya Lolemba lapitali, pa 9 Juni 2025.

Apa mbiri ikadathera, koma pali nkhani ina imene achibale andituma kuti ndisaibise. Lachiwiri m'mawa, ife tili kutauni kukonza za bokosi, kuno kunafunika nkhuni za pamaliro monga mwa mwambo wathu. M'nyumba ya malemu muli matumba a makala a nshawa odzaza chipinda. Anthu anati moto wa maliro sakoleza ndi makoko, ukufunika wa zipika zoti zinyeke mpaka mawa, makamaka m'nyengo yozizira ino. Anatinso munthu wamkulu ngati uyu sangalirike ndi kamoto ka pambaula, akubwera anthu ochokera ku Lusaka angatiseke. Ndiye ngolo inapita kuti? Inapita kuphiri lomwe lija, ndipo inabwerako ndi makolo aja, chifukwa ndiyo mitengo yokha yokhuthala.

Odulawo sindikuwaimba mlandu kwambiri. Anachita zimene makolo athu ankachita, ndipo m'maganizo mwawo ankalemekeza malemu. Chandipweteka n'chakuti pamene ngolo inkatsitsa zipika, eni masikipa obiriwira analipo. Anaona makungwa aawisi, anadziwa komwe zachokera, koma aliyense anayang'ana mnzake, akuti pamaliro sayambitsa mkangano. Kenaka anakoka mipando n'kuyamba kuwotha. Zoona abale anga, maphunziro onse aja, thupi la mphunzitsi wanu lisanalowe n'komwe m'manda? Ndakhumudwa, ndipo sindibisa.

Madzi akatayika saoleka, mitengo yagwayo yagwa. Chimene tikuopa n'chakutsogolo. Pangano la mudzi lathyoka pamaliro a mwini wake, ndipo mawa wina akaferedwa adzati kwa naJere anadula, ine ndalakwanji? Wotcha makala naye adzabwera pambuyo pake. Ndamvanso kuti ng'ombe zamangidwa kale pangolo, kuti tikachoka kumanda zikatute nkhuni zina za otsala pasiwa. Achibale tikukana. Amene atsale nafe awotha makala a nshawa, ndipo amene awaona ochepa afunde bulangete. Koma ife ambiri tibwerera kwathu Loweruka, sitingalondere phiri tili ku Chipata. Wakutsina khutu ndi mnansi: inu amene munaphunzitsidwa, ngolo ili apo, tikufuna tione amene akamasule ng'ombezo.

Malemu asiya amuna awo Bambo Zimba, ana atatu, Tamiwe, Mandla ndi Tawina, zidzukulu ziwiri, mayi athu okalamba amene alephera kufika, ndi ife abale awo anayi.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, amayi a chigwirizano amene sanatope kuimba ndi kuphika, adzukulu okumba manda, anzawo a kuntchito amene atipatsa galimoto, ndi nonse mwasiya ntchito zanu kudzatipepesa. Odula nkhuni aja tikuwathokozanso chifukwa cha thukuta lawo, kungoti lisabwerezedwe.

Alongo anga naJere, mzimu wanu uuse mumtendere. Mawuwa ndanena ndi mtima wonse, koma ndanena mwamantha, chifukwa kumene tikukugonekani n'koyang'anana ndi phiri lija, ndipo nkhwangwa ikalira kumeneko mudzaimva.