Basi ya Adalaivala ndi Ndevu Zawo

Inu, nkhani iyi musakauze munthu! Adalaivala aja opuma ntchito, a ndevu zofika pachifuwa, analumbira pamaso pa mnzawo Akondakitala kuti kabasi kachidole komwe ankamanga kakapanda kuima pa matayala ake Loweruka masana, iwo ameta ndevu zonse psiti. Ndiye Loweruka m'mawa anaitana mlamu wawo, bambo wogwira ntchito ya ulonda, munthu woti ukamuuza kuti ima apa, ukamupeza pompo ngakhale mvula igwe.

"Alamu, lero ntchito zanu ndi ziwiri," anatero Adalaivala, akusisita ndevu. "Yoyamba, mulondere ndevuzi. Aliyense wofika nazo pafupi ndi sizasi, mumulande. Ngakhale ine ndemwe."

"Ngakhale inu nomwe. Ndamva."

"Yachiwiri, tsukani zili patebulozi, ndikufuna malo."

Adalaivala anapita kukasamba. Pobwerako anangoti kukamwa yasa. Makapu anali atatsukidwa, inde. Koma pathaulo panalinso thupi la basi ndi timatayala take, zidutswa zija za rezini, zooneka ngati pulasitiki koma si pulasitiki, zitayanikidwa ngati ana osamba kumene.

"Mayo ine! Alamu, mwatani?"

"Ndatsuka."

"Ndimanena makapu!"

"Munati zili patebulo. Basi inali patebulo. Magalasi anu analinso patebulo, ali apo akuuma."

"Ndi sopo?"

"Ndi sopo, ndi mswachi. M'makona munali mafuta, zimaterera."

"Mswachi wa ndani?"

"Unali patebulo."

Adalaivala anagwira mutu. Anatola tayala limodzi, naliyang'ana ngati maliro. "Taonani, kunyezimira konse kwatha! Mwachotsa ulemerero wa basi."

"Achemwali amati wogulitsa uja anakuuzani kuti n'mafuta a m'chikombole, ofunika kutsuka musanamate."

"Achemwali anuwo ndi wogulitsayo anayendetsapo basi? Basi yopanda mafuta munaionapo kuti?" Anakankhira kumbali matayala otsukidwawo. "Mwayi wake ndinagula ena apadera. Ali m'bokosimo, aphuliphuli, osakhudzidwa ndi mswachi wa munthu. Patseni guluu."

"Uti? Alipo ambiri."

"Wa pulasitiki. Ameneyu anandimatira ndege, mpaka lero ili pamwamba pa kabati."

"Ndegeyo ndi yapulasitiki. Basiyi munati si pulasitiki."

"Guluu sadziwa kuwerenga, alamu. Patseni!"

Anapaka, nakanikiza tayala, nauzira mpweya, fuu, fuu. Atangochotsa dzanja, tayala lija linangoti phe patebulo, n'kuyamba ulendo. Linadutsa pakati pa makapu, kutsika pampando, mpaka pansi pa firiji. Mlamu anangoliperekeza ndi maso.

"Bwanji osaligwira?"

"Simunanene. Komanso ine ndikulondera ndevu."

"Ndevu zikuthawa?"

"Tayala silinalinso kuthawa poyamba."

Adalaivala mumtima ankaona kale Akondakitala akuseka, mano onse panja, lezala m'manja. Anatola guluu wa matabwa. Tayala linasambira m'menemo ngati ntchentche mu mkaka, kenako phe. Anatola wa nsapato, uja wonunkha uja. Tayala linalendewera ndi tiulusi tataliitali, likutsika pang'onopang'ono ngati kangaude.

"Ili lagwira," anatero mlamu.

"Lagwira chiyani?"

"Silinafike pansi."

"Alamu, mwabwera kudzandithandiza kapena kudzandiika m'manda? Tengani supaguluu!"

"Achemwali anati supaguluu musamukhudzenso. Akuti tsiku lija munamata rimoti ku—"

"Achemwali anu ali kumsika! Tengani!"

Dontho limodzi. Tayala lonyezimira linagwira pang'ono, Adalaivala n'kuimirira, manja m'mwamba, ayambe kuvina. Mlamu anayetsemula. Tayala thyo, ulendo wa kufiriji, kukapeza mnzake.

"Mwaliyetsemulira!"

"Ndimafuna kupempha chilolezo, koma chinafulumira."

"Guluu wachepa, vuto ndi limenelo. Ine ndikukatokosa matayala pansi pa firiji. Inu tengani botololi, pakani guluu ponseponse. Mwamva? Ponseponse!"

"Ponseponse. Ndamva."

Ndiye tangoganizani, bambo wamkulu chafufumimba pansi, tsache m'manja, ndevu zikusesa simenti. Anatulutsa chivindikiro cha botolo, supuni, batire lakufa, ndi sokosi yomwe anakanganirapo ndi akazi awo chaka chatha. Matayala osaoneka.

"Alamu, nthawi ili bwanji?"

"Akondakitala aima pageti. Akucheza ndi mayi wogulitsa makala."

"Anyamula chiyani?"

"Thaulo. Ndi kagalasi."

Adalaivala anadzambatuka. M'bokosi munalibenso tayala. Otsala anali aja otsukidwa aja, otuwa mbuu, ali phee pathaulo.

"Ndiwataye?" anafunsa mlamu. "Munati aonongeka."

"Musataye! Ndingowaika kuti basi isaoneke yamaliseche. Sagwira, ndikudziwa."

Anakanikiza loyamba pamalo pake, pomwe mlamu anali atapaka kale guluu. Linangoti nga! Analikoka, osasuntha. Lachiwiri, nga! Onse anagwira ngati anabadwira pomwepo. Anaiika patebulo, basi n'kuima njo, yonyada ngati ili pa depoti.

"Yaima! Alamu, yaima! Ndinanena ine kuti vuto linali kuchepa kwa guluu!"

"Osati sopo?"

"Sopo walowa pati? Ndi dzanja ili, dzanja la dalaivala!" Anazungulira tebulo akuvina, mapewa gwedegwede, akuliza hutala ndi pakamwa. "Pipiii! Akondakitala akamete agogo awo! Dikirani ndione ngati matayala ali mumzere."

Anawerama, diso limodzi lotsinzina, chibwano n'kuchitsamiritsa padenga la basi. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Zonse zili bwino. Pofuna kudzuka, basi inadzuka nawo.

"Alamu."

"Wawa."

"Basi ikutani m'ndevu zanga?"

"Yagwira."

"Padenga panafika bwanji guluu?"

"Munati ponseponse. Ndinayambira padenga, kutsika m'mawindo. Kotsala ndi kunsi kwa mipando, botolo linatha."

"Ndimanena pa matayala!"

"Pa matayala si ponseponse, alamu. Ndi pena."

Adalaivala anayesa kukoka. Misozi inalengeza. Anayesa kugwedeza mutu, basi n'kumagwedezeka pachifuwa ngati belu la ng'ombe.

"Musagwedeze," anatero mlamu. "Munalumbira kuti iima pa matayala. Panopa ili m'malere. M'malere si kuima."

Go, go, go! "Odi kuno! Wometa wafika!"

Adalaivala anagwada msangamsanga, n'kutsitsa mutu mpaka matayala anagunda tebulo. Basi inaimanso njo, chibwano chawo chili padenga ngati katundu wa pakaliyala. Msana unalira. Mawondo analira. Ndipo m'mutu mwawo munabwera chithunzi: Akondakitala akuwajambula pafoni, chithunzicho n'kufika kwa madalaivala onse, makondakitala onse, mpaka kwa apongozi. Ayi, bola kumeta pang'ono. Kachigawo kam'munsi kokha, ndani angazindikire?

"Alamu," ananong'ona, "sizasi. Fulumirani."

"Ili apo, pafupi ndi chigongono chanu. Ndinaitsukanso."

"Odi! Kodi mwabisala?"

Adalaivala anapapasa patebulo, naipeza, naikweza kundevu. Isanatseguke n'komwe, dzanja la mlamu linali litafika kale. Tsompho! Sizasi m'thumba la yunifolomu, batani n'kutseka.

"Mukutani? Bweretsani!"

"Munati aliyense."

"Ndevuzi ndi zanga!"

"Munati ngakhale inu nomwe."

"Alamu anga, chonde, ndagwira mwendo wanu. Achemwali anu ndimawasunga bwino. Kachidutswa kokha!"

Mlamu anakonza kolala, anaongola chipewa, napita kuchitseko monyadira ngati munthu amene ntchito yake yayenda bwino. Anatsegula, nachita sawasha.

"Lowani, Akondakitala, koma lezalayo musiye panja. Alamu apambana. Ndevu izi sizimetedwa, ngakhale eni ake alire bwanji."