Nsapato M'manja pa Doko Latsopano

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Yofu, pachilumba cha Likoma. Amayi anga maso ankawavuta, koma ankakana kupita kuchipatala kumtunda. Kale sitima inkaima patali, ndipo okalamba ankachita kuwabereka m'madzi mpaka pabwato.

"Ine wamkulu, kundibereka ngati khanda? Bola ndichite khungu!" ankatero.

Doko litamangidwa ku Chipyela, ndinawanyengerera. Titafika, anavula nsapato n'kukwinda chitenje monga kale. Tinayenda pasimenti, mafunde akuwomba pansi pathu, mpaka pakhomo la sitima. Anaima n'kugwira mapazi awo ouma.

"Mwanawe," ananong'ona, "ndayendadi pamwamba pa nyanja?"

Ine misozi inangoti chuchuchu. Nsapato zija anaziiwala m'manja mpaka kutsidya.