Chitseko Chosayeza

Pa siteji ya basi, kalipentala wina atagwirizira chitseko chatsopano anasuzumira m'buku la mtsikana wapayunivesite.

"Achemwali, 'a priori' ameneyu ndiye chiyani?"

"N'Chilatini, bambo. Ndiko kudziwa chinthu ndi nzeru zokha, osadikira kuchiona kapena kuchiyesa. Ziwiri kuphatikiza zitatu ndi zisanu, simuchita kukatola miyala kuti mutsimikize."

"Ohoo! Ndiye matenda angawa ali ndi dzina! Chitsekochi ndakhoma osakayeza felemu. Ndimati zitseko zonse n'zofanana."

"Ayi bambo, kumeneko n'kungoganizira. Mutu sungakuuzeni kukula kwa felemu ya eni."

"Mwininyumba wandiuzanso zomwezo, kungoti iye anawonjezera mwano. Chaperewera zala zinayi, ndikubwerera nacho chonchi."

"Pepani."

"Musapepese. Inu gwiritsani Chilatinicho mukakhoze mayeso. Ine mawa nditsogoza tepi yoyezera, nzeru zizibwera pambuyo."