Tsiku Loyeza Unyolo wa a Tackett

Kwa zaka makumi atatu, a Delbert Tackett ndiwo ankanyamula unyolo woyezera pabwalo la mpira wothamanga nawo m'manja la koleji ya ku Harlan Creek, m'chigawo cha Nebraska: lefali akakayika ngati timu yakankhadi mpira mayadi khumi ofunika kuti mpirawo ukhalebe wawo, bwalo lonse linkangoti zii, iwo n'kuthamangira pakati monyadira kukayeza. Ndiye atamva kuti koleji yagula mipira yokhala ndi kachipangizo m'kati kouza kompyuta pomwe mpira wafika, analawirira Loweruka m'mawa, nadzikulunga unyolowo m'chiuno, ndodo ziwiri zakumapeto kwa unyolowo m'manja, n'kukhala pabenchi kudikira mdani.

Mdaniyo anali mayi wamng'ono thupi wa magalasi, Shondra Pruitt, wotumidwa ndi kampani ya zipangizozo. Anali munthu woti ukamufunsa funso amayankha funsolo basi, osawonjezera kanthu.

"Ndinu Bambo Tackett? Ndabwerera unyolo."

"Ha! Popanda ndi moni yemwe?"

"Moni. Ndabwerera unyolo."

"Suchoka pano!"

"Chabwino," anatero Shondra, nakhala pabenchi pomwepo. "Pano palibe vuto."

A Tackett anamuyang'ana cham'mbali. Iwo anakonzekera nkhondo, osati munthu wovomera.

"Mayi, unyolo uwu ndi wanga. Ndinayamba kuunyamula inu musanabadwe."

"Chaka chanji?"

"1994, mwezi wa Seputembala."

"Ndinali nditabadwa. Ndinali ndi miyezi inayi."

"Asa! Kachitsulo kanuko kali ndi maso?"

"Ayi."

"Kanayamba kaimapo pachisanu mpaka zala kuuma?"

"Kalibe zala."

"Nanga wosewera akagwa, kamadziwa nthawi yomwe bondo lagunda pansi?"

"Sikadziwa. Zimenezo amaonabe ndi lefali."

"Ehe! Lembani zimenezo!"

Shondra anatulutsa cholembera nalemba. A Tackett zinawakhumudwitsa, poti kukangana ndi munthu wotere kuli ngati kukankha chitseko chotsegula kale.

"Ndiye mukufuna kundichotsa ntchito chifukwa cha kanthu kopanda maso ndi zala komwe?"

"Za ntchito yanu sanandiuze. Anandiuza za unyolo."

"Unyolowo ndine!"

Shondra anayang'ana papepala lake. "Apa alemba kuti ndi wachitsulo."

Mkuluyo anadzuka, unyolo uli wejeweje m'chiuno, naloza bwalo ndi ndodo imodzi.

"Mwana inu, mukudziwa chomwe unyolo uwu unachita mu 2006? Tikusewera ndi a ku Dunmore, kulimbirana chikho. Mphunzitsi wawo anali mlamu wanga Wendell, mchimwene wa mkazi wanga, munthu wapakamwa ngati wailesi. Nthawi yatsala pang'ono, mnyamata wathu wagwa ndi mpira, lefali waitana unyolo. Ndathamanga ine, ndakoka, ndazika ndodo. Nsonga ya mpira inapitirira ndodo ndi inchi imodzi. Imodzi! Tinapitiriza, tinagoletsa, chikho chinabwera kuno. Ndi chokhacho chomwe tili nacho."

"Alamu anu anati chiyani?"

"Analumbira kuti mpira sunafike! Mpaka lero, Novembala aliyense tikakhala kudya nkhukundembo, ndimangomuonetsa zala ziwiri chonchi, inchi imodzi. Mkazi wanga Lorna amachita kutikhazika kumapeto awiri a tebulo."

"Unali unyolo womwewu?"

"Womwewu!"

"Sunasinthidwepo?"

"Ngakhale mphete imodzi! Mukukayika? Yezani! Ndati yezani!"

"Ndi zomwe ndabwerera."

A Tackett sanamve n'komwe. Anali kale kuzungulira ngati nguli kuti adzimasule, chizungulire n'kuwagwira pang'ono. Anazika ndodo imodzi pamzere woyera, nakoka inayo mpaka unyolo kuti gwa. Shondra anagwada, naika kabokosi kake kotulutsa kuwala kofiira. Anawerenga. Anapukuta magalasi, nayezanso.

"Mayadi khumi, eti?" anafunsa a Tackett, chifuwa chili patsogolo.

"Kuchotsapo mainchi atatu."

"Iyayi! Sunakokedwe bwino."

"Mwakoka ndinu."

Apa m'pamene chinthu china chinabwera m'mutu mwa mkuluyo, chomwe chinagona tulo zaka zonsezi. Sabata ya masewero a chikho aja, makina otchetchera kapinga anaponda unyolowo, mphete ziwiri n'kupindika. Iwo anazidula ndi pulayala, nalumikiza zotsalazo, n'kupita kukadya nkhomaliro akuimba likhweru. Timphete tiwiri tokha! Manyazi anawagwira mpaka makutu kutentha.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "makina anuwa salakwitsako nthawi zina?"

"Osapitirira theka la inchi."

"Ndiye kuti pamasewero aja..."

"Mpira unaperewera mainchi awiri. Alamu anu ananena zoona."

"Sindinakufunseni!"

"Munayamba kufunsa."

A Tackett anayang'ana uku ndi uku. Pabwalo panalibe wina, kupatula mphepo yochokera kuminda ya chimanga. Anapinda unyolo msangamsanga, naukankhira m'manja mwa Shondra.

"Tengani. Ikani m'galimoto, mukautaye kutali. Ine ndakalamba, mwana wanga. Zamakono n'zabwino, ndakhala ndikunena."

"Sindinatumidwe kutenga. Ndinatumidwa kuyeza."

"Lembani khumi basi."

"Si khumi."

"Khumi losakwana ndi khumi ndithu!"

"Ndi mayadi asanu ndi anayi ndi mainchi makumi atatu ndi atatu."

"Kalanga ine! Nanga muyezowo akuufuna ndani?"

"Akuluakulu a koleji. Akugulirani unyolo watsopano woti muzikhala nawo m'mbali, makina akadzazima muzilowa kukayeza monga kale."

"Ntchito sikutha?"

"Ayi."

"Bwanji osanena poyamba?"

"Simunafunse zimenezo. Munafunsa za zala."

Mtima unakhala pansi pang'ono, koma wosakhulupirira bwino. "Nanga wakalewu?"

"Aupachika pambali pa chikho masana ano, pa nthawi yopuma ya masewero ndi a ku Dunmore. Kukulemekezani. Wodzachotsa nsalu pamwambowo ndi mlendo wapadera, mphunzitsi wawo wakale, Bambo Wendell Strake. Iwowo ndiwo adzawerengere anthu zolembedwa pachikwangwani."

"Zolembedwa zanji?"

"Muyezo weniweni wa unyolo, ndi dzina la mwini wake." Shondra anakonzekera kulemba. "Mwati ndi wanu, eti?"

A Tackett anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, nabisa manja m'matumba.

"Wanga? Mayi, unyolo uwu ndi wa koleji. Ine ndimangogwirizira kumapeto kumodzi."