A Zefaniya Abwerera ku Kansungwi

Malemu bambo Zefaniya Ngozo anabadwa pa 14 Julaye 1958 m'mudzi wa Kansungwi, m'munsi mwa Phiri la Dedza. Ndikubwereza kuti amene aima patali amve: m'mudzi wa Kansungwi, pamene tasonkhana pano, ngakhale ena akuti pano sipanakhalepo mudzi.

Sukulu anaphunzira ku Kasina. Mu 1971 kasupe wa mudzi uno atauma, anthu anasamukira kumsewu, pano panatsala bwinja ndi manda. Mu 1982 anamanga ukwati woyera ndi mayi Magadalena, ndipo anayamba ntchito yosamalira mitengo ya paini kuphiri.

Mu 2009 ntchito inawatengera ku Estonia, dziko lozizira kuposa Dedza yathuyi. Abale ankadikira majekete. Koma malemu anabwera ndi nkhani ya kamudzi kamene anafikirako. Nyumba zake n'zowerengeka, eni ake ambiri anatengedwa mokakamiza kalekale osabwereranso, koma otsalawo anasema dzina la mudzi pamwala, ndipo chaka ndi chaka amasonkhana kutchula mabanja amene anapita. Malemu anachita manyazi ndi bwinja lakwawo, kenako anapsa mtima.

Kuyambira pamenepo, Okutobala aliyense ankakwera kuno ndi khasu kudzalambula manda a makolo, n'kumaonetsa aliyense pamene panali khola ndi bwalo lovinira ngoma. Ambiri ankati chisanu cha ku Ulaya chawalowa m'mutu. Malemu ankangolambula.

Mu 2022 munthu wina wachuma anabwera ndi thirakitala kudzalima kachewere, akuti pano ndi tchire lopanda mwini. Malemu, ndi miyendo yotupa, anakhala pansi kutsogolo kwa thirakitalayo mpaka inabwerera. Mlandu wa malowa sunathe mpaka lero.

Atadwala mtima kwa nthawi yaitali, anatisiya pa 3 Meyi 2025. Asiya mayi Magadalena, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri.

Tikuthokoza a mpingo, amayi onse amene agona pasiwa, ndi adzukulu okumba manda amene sanaope. Pajatu dzulo tinalandira uthenga wochokera kwa wachuma uja woti tisayerekeze kukumba pano. Takumba. Wofuna kulima abwere masana, ayambire pa mtumbira wa lero, ife tikuyang'ana.

Bambo Ngozo, gonani mumtendere pakati pa makolo anu, kwanu ku Kansungwi.